Chinhoyi, Likulu la Mashonaland West

Munthu wochokera ku Harare kulowera ku Chirundu, pa msewu waukulu wopita ku Lusaka, akayenda makilomita pafupifupi 120 amafika pa Chinhoyi, tauni ya m'mbali mwa mtsinje wa Manyame. Atsamunda ankaitcha Sinoia, ndipo dzina la mfumu Chinhoyi linabwezeretsedwa mu 1982.

Anthu anayamba kukhala kuno kalekale, mzungu asanaponde. Kunja pang'ono kwa tauni kuli mapanga otchuka amene madzi anafukula m'thanthwe la laimu. Ukatsika ndi njira yamdima umatulukira pa dziwe la Chirorodziva. Madzi ake ndi obiriwira ngati thambo, oyera moti miyala yapansi imaoneka ngati ungaigwire, chonsecho kuya kwake n'koopsa. Satentha, sazizira: chaka chonse amakhala pa madigiri 22. Akuluakulu amasimba kuti m'zaka za m'ma 1830 ankhondo ochokera kumwera anaponyamo anthu, nthawi yomwe Angoni a Zwangendaba ankalowera ku mtsinje wa Zambezi, umene anawoloka mu 1835. Amasimbanso za chigawenga Nyamakwere chimene Chinhoyi anachigonjetsa, iye n'kusandutsa mapangawo linga la anthu ake. Mzungu wina, Frederick Selous, anafikako mu 1887.

Tauni yeniyeniyo inayamba mu 1906, pamene Margherito Guidotti wa ku Italy anabweretsa mabanja a kwawo kudzalima. Pa 28 April 1966 anyamata 7 a gulu lomenyera ufulu la ZANLA anaphedwa kuno pomenyana ndi apolisi a boma la Ian Smith, ndipo Azimbabwe amati nkhondo yomenyera ufulu, yotchedwa Chimurenga chachiwiri, inayambira pomwepo.

Lero Chinhoyi ndi likulu la chigawo cha Mashonaland West. Muli maofesi a nduna yoyang'anira chigawo, chipatala chachikulu ndi Chinhoyi University of Technology. Za madzi, misika ndi misewu ya m'tauni zili m'manja mwa khonsolo ndi meya wake.

Koma chimene chinalemeretsa dera lino ndi nthaka, makamaka fodya. Mvula ikamatha, fungo la tsamba lowamba limadzaza m'mafamu. Fodya wakuno sayanikidwa m'chigafa ngati bale wa ku Kasungu. Amamupachika m'nyumba zazitali za njerwa, moto n'kumadzera m'mapaipi usana ndi usiku kwa sabata yathunthu, mpaka tsamba lisanduke lachikasu. Wosonkha moto akagona tulo, fodya yense waonongeka, mwinanso nyumbayo kupsa.

Ambiri osonkha motowo anali anthu athu. Ena anabwera wapansi, ena pa malole a Ulere, ena analembedwa ntchito ndi bungwe la Mthandizi, kuchokera ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Fort Jameson. Anathyola fodya, anakumba kopa ku Mhangura ndi ku Alaska Mine, ambiri n'kukhala matchona. M'makomboni a m'mafamu Chinyanja chinkamveka ponseponse, Gule Wamkulu n'kumatuluka, amene Ashona amamutcha Zvigure. N'zomvetsa chisoni kuti pamene minda ya azungu inkagawidwa kuyambira mu 2000, ambiri mwa ana ndi adzukulu a matchonawa anatsala opanda ntchito, opanda munda, akutchedwa alendo m'dziko limene anabadwiramo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndiwo anawatsegulira khomo la unzika, ngakhale kuti ena mpaka pano akuvutikirabe kupeza zitupa.