Chidindo Chosaoneka ndi Maso

Pa Chitakale, pamene mseu wopita ku Muloza umasiyana ndi wopita ku Likhubula, pali achinyamata amene ntchito yao ndi kukonza mafoni ndi kuikiramo anthu nyimbo ndi mapulogalamu. Popeza bandulo ya intaneti ndi yodula, ambiri a ife timangopereka foni, mnyamata natikoperamo pulogalamu kuchokera m'kompyuta yake. Nkamodzikamodzi pamene timafunsa kuti pulogalamuyo adailemba ndani, ndiponso ngati siidasinthidwe panjira.

Mphunzitsi aliyense adziŵa kuti kalata yosamutsira mwana kusukulu ina, ikakhala yopanda chidindo cha mphunzitsi wamkulu, ndi pepala chabe. Mapulogalamu nawo ali ndi chidindo chao, chimene ndi cha manambala. Wolemba pulogalamu amakhala ndi makiyi aŵiri: ina amaibisa, ina amaipereka kwa aliyense. Akamaliza ntchito, kompyuta imaŵerengera zonse za m'pulogalamumo nitulutsa nambala imodzi, ndipo nambalayo amaidinda ndi kiyi yobisika ija. Foni yathu imayesa chidindocho ndi kiyi inayo. Munthu akasintha ngakhale chilembo chimodzi, manambala aja sagwirizananso.

Tsono apa mpofunika kumvetsa bwino. Foni za Android zimakana pulogalamu yopanda chidindo, koma munthu aliyense angathe kusema chidindo chakechake, wakuba yemwe. Chimene foni imaonetsetsa ndi chakuti pulogalamu yatsopano, yobwera kudzaloŵa m'malo mwa yakale, idadindidwa ndi kiyi yomwe ija. Zikasiyana, imakana. Choncho wina akati, "Achimwene, fufutani kaye yakaleyo kuti iyi iloŵe," tidziŵe kuti pamenepo tikuchotsa mlonda pakhomo. Mnyamatayo kaŵirikaŵiri alibe cholinga choipa. Iyenso adangoilandira kwa mnzake.

Chitsanzo chodziŵika ndi GB WhatsApp, imene achinyamata amaikonda chifukwa cha tinthu toonjezera. Pulogalamuyi siichokera kwa eni ake a WhatsApp, ndipo chidindo chake ndi cha anthu ena. M'chaka cha 2019 eni akewo adachenjeza kuti adzatsekera kwa kanthaŵi onse oigwiritsa ntchito. Kutsekeredwako nkochepa. Chachikulu nchakuti foni yomweyo ndiyo imasunga Airtel Money kapena Mpamba, ndipo pulogalamu imene taipatsa chilolezo choŵerenga mauthenga ingathe kuona zonse zofika m'menemo, ngakhale za malipiro a mphunzitsi kapena fizi ya mwana.

Pa makompyuta zinthu zimayenda mosiyanako. Kumeneko chidindo chimatsagana ndi satifiketi, ndiye kuti umboni wa bungwe lodalirika wonena kuti kiyi yakutiyakuti ndi ya uje, monga momwe MANEB imachitira umboni kuti wophunzira adakhozadi mayeso. Tizida toonjezera ta Firefox, mwachitsanzo, sitiloŵa ngati a Mozilla sadatidinde. Koma satifiketi imakhala ndi tsiku lothera mphamvu. Kumayambiriro kwa mwezi wa May 2019, satifiketi ina ya Mozilla idatha osakonzedwanso, ndipo tizida timeneti tidaleka kugwira ntchito padziko lonse, ngakhale tidalibe vuto lililonse.

Choopsa koposa ndi pamene mboniyo yaberedwa. M'chaka cha 2011 akuba adaloŵa m'makompyuta a DigiNotar, kampani ya ku Netherlands yopereka masatifiketi, napanga satifiketi yonama ya Google, imene idagwiritsidwa ntchito pozonda anthu a ku Iran. Opanga mapulogalamu oonera intaneti adaichotsa kampaniyo pa mndandanda wa odalirika, ndipo idagwa chaka chomwecho.

Kuno kwathu lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lidavomereza siginecha ya pakompyuta. Sabata ya maŵa tidzaona m'mene siginecha yotere imaimira munthu pa mapangano a malonda.