Feteleza wathu akulera nkhono za likodzo pamathiriro



Chaka chatha mvula itangodula, mwalimu wa madrasa yathu adatitsatira titatuluka swala ya Asri n'kutiuza motsitsa mawu kuti, "Shehe, ana aja ayambiranso kukodza magazi." Tidadabwa, chifukwa panali patangopita miyezi yochepa chimwereni mankhwala a likodzo kusukulu. Tidafunsa komwe amasamba, koma yankho tinkalidziwa kale: pamathiriro, pomwe kamtsinje kathu kamalowera m'nyanja. Pamenepo madzi ngofunda, pali mthunzi, ndipo mafunde a mwera safikapo. Amayi amachapa pomwepo, asodzi amakocheza mabwato pomwepo, ndipo ifenso, tisaname, tapangapo wudhu kambirimbiri pochokera kudimba.

M'mawa mwake tidapitako ndi ndodo ndi beseni lakale. Tidavuula ndere ndi udzu wa m'madzi ndi ndodoyo, osati ndi manja, n'kukutumulira m'beseni. Pansi padadzaza tinkhono, tina tochepa ngati njere ya mpunga, tina ngati nyemba. Ife tidakulira pagombe lomweli. M'zaka za m'ma 1970 tinkawedza matemba pamalo omwewa, mchenga ukuoneka mbee pansi pa madzi, bango litatchinga mbali zonse ziwiri za mtsinje. Nkhono zinalipo, inde, koma umachita kuzifuna. Lero n'zosayamba. Ndiye tidadzifunsa: kodi akuzidyetsa ndani?

Titatukula maso kuyang'ana kumtunda tidaona madimba atandandalika mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Limodzi mwa madimbawo ndi lathu.

Feteleza wobereketsa uja, Urea, pafupifupi theka la thumba lake ndi chakudya cha mbewu chotchedwa nayitrojeni: magawo 46 pa 100 alionse. Wokulitsa uja ali ndi nayitrojeni komanso fosifolasi. Chimanga sichidya zonse zomwe tathira. Tikangomwaza pamwamba osakwirira, kenako mvula yamphamvu n'kugwa usiku womwewo, gawo lina limasungunuka n'kutsetsereka ndi madzi, lina limapita litamatirira kudothi lokokoloka. Lonselo limatsikira kumtsinje. Likafika pamathiriro madzi amachepa liwiro, matope amakhazikika, ndipo chakudya chija chimakhala pomwepo. Feteleza sadziwa kuti ichi n'chimanga, iyi ndi ndere. Chomwe chimabiriwitsa munda wanu n'chomwecho chimabiriwitsa madzi.

Tisamunamizire yekha feteleza. Ndowe za m'khola lomwe tamanga pafupi ndi mtsinje, zimbudzi zosefukira nthawi ya dzinja, matumbo a nsomba ndi madzi ofutsira usipa omwe timakhuthulira pagombe, zonsezi n'chakudya cha ndere. Koma chiyambireni makuponi mu 2005, ndi AIP yomwe idabwera mu 2020, feteleza wafika m'minda yambiri yomwe kale sinkamudziwa, pamene bango lomwe linkasefa madzi tidalitchetcha kuti tikulitse madimba. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Feteleza tidamulira ndithu, ndipo watithandiza kuthamangitsa njala. Matope ake ndi awa tikuwaona pamathirirowa.

Nkhono ya m'madzi imadya ndere yopyapyala, yoterera ija, yomwe imamera pamiyala, pamapesi a bango ndi pansi pa masamba. Imachita kupala ndi kakamwa kake ngati mmene mayi amapalira nkhoko mumphika. Ndere ikachuluka nkhono zimakula msanga, zimaikira mazira ambiri, ndipo ana ake ambiri amapulumuka. Udzu wa m'madzi ndi namasupuni zikawirira, nkhono zimapeza pobisala ndi poikira mazira.

Pali china chomwe mlangizi wa zaumoyo adatifotokozera ndipo chidatikhala mumtima. Nkhono za m'nyanja muno si mtundu umodzi. Zilipo zazitali zosongoka ngati kanyanga, zija ana amatola pamchenga. Zimenezo zili ndi kachitseko kotsekera pakamwa pa chigoba, zimapuma m'madzi ngati nsomba, ndipo sizifalitsa likodzo. Zofalitsa likodzo zilibe kachitseko, chigoba chake n'chopyapyala, ndipo zimatha kukwera pamwamba pa madzi kukakoka mpweya. Tsono ndere ikachuluka mopitirira imayamba kuola, ndipo poolapo imatha mpweya wa m'madzi, makamaka mbandakucha. Asodzi mukudziwa masiku aja pamathiriro pamanunkha, tiana ta nsomba tili yasa! kukamwa pamwamba pa madzi. Pamenepo zolengedwa zopuma m'madzi zimavutika, zina zimafa, zina zimathawa. Nkhono ya likodzo imangokwera paphesi, n'kupuma, n'kubwerera kukadya. Madzi akaipa amapha zabwino n'kusiya yoipayo ili ndi mbale yonse yokha.

Ngati mukufuna kuizindikira, inyamuleni ndi supuni yakale, nsonga iloze kumwamba, khomo likuyang'aneni. Khomo likakhala kumanzere ndipo lilibe kachitseko, imeneyo ndi ya mtundu womwe akatswiri amautcha Bulinus, wofalitsa likodzo la m'chikhodzodzo. Ilipo ina yaphwatalala, yozungulira ngati nkhata yaing'ono, yotchedwa Biomphalaria. Imeneyo imafalitsa likodzo la m'matumbo, lomwe silionekera mumkodzo koma limatupitsa mimba ndi kuwononga chiwindi mwakachetechete. Kale nkhono imeneyi sinkadziwika m'magombe a Mangochi. Ofufuza adaipeza mu 2017, ndipo atayeza ana a sukulu za m'mbali mwa nyanja adapeza kuti likodzo la m'matumbo lafika kale. Ndiye mwana akakhala kuti sakukodza magazi, tisamati basi ali bwino.

Mlengi sadasiye nkhono popanda mlonda. M'nyanja muno muli nsomba zomwe chakudya chake ndi nkhono. Zili ndi mano olimba kukhosi ophwanyira zigoba, ndipo imodzi mwa izo akatswiri amaitcha Trematocranus placodon. Ku Chembe, ku Cape Maclear, ofufuza adatsatira nkhaniyi kwa zaka zambiri. Adaona kuti nsomba zodya nkhonozi zitachepa m'madzi osaya chifukwa cha makoka, nkhono zidachuluka pamchenga, ndipo likodzo lidakwera pakati pa ana. Kudapezekanso kuti nkhono ina yokhala pamchenga wapoyera, Bulinus nyassanus, yomwe anthu ankaiyesa yosalakwa, nayonso imafalitsa matendawa. Tsono taganizani: kumtunda tikuthira chakudya cha nkhono, kunyanja tikukokolola adani ake ndi neti za udzudzu zomwe adatipatsa kuti tizigonamo. Nkhonoyo ingalephere bwanji kuchuluka? Mlimi akuloza msodzi, msodzi akuloza mlimi, chonsecho kwathu kuno mlimi ndi msodzi nthawi zambiri ndi munthu mmodzi, ndipo Lachisanu amaima pamzere umodzi mumzikiti.

Komatu nkhono payokha sibadwa ndi likodzo. Timaipatsa ndife. Munthu wodwala akakodza kapena kuchita chimbudzi m'madzi, mazira a nyongolotsi amaswa, ndipo kachilombo kotulukamo kamayenera kupeza nkhono tsiku lomwelo, apo ayi kamafa. Nkhono zikakhala zochepa, tizilombo tambiri timafa tisanaipeze. Zikakhala mbwee ngati za m'beseni mwathu muja, kupeza nkhono sikuvuta. M'kati mwa nkhono kachilomboko kamaswana kwa mwezi umodzi kapena kupitirirapo, kenako nkhono imodziyo imayamba kutulutsa tizilombo mazanamazana tsiku lililonse, makamaka dzuwa likakwera, nthawi yomwe ana amathamangira kukasamba ndi yomwe ife timafuna madzi a swala ya Dhuhri. Tizilomboti sitidikira kuti umwe madzi. Timaboola khungu. Kusambitsa mapazi mpaka mu akakolo n'kokwanira.

Apa mpomwe nkhaniyi imatikhudza ife Asilamu pawiri. Timagwira madzi kasanu patsiku, ndipo tikadwala likodzo twahara yathu imavuta, chifukwa timadontho ta magazi timadetsa chovala munthu atatawasa kale. Abambo ena amabwera kudzatifunsa mwamanyazi za swala yawo, pamene chomwe akufunika ndi chipatala. Amayi nawo amavutika mobisa: likodzo limafika m'njira ya chiberekero, limayambitsa zilonda ndi kupweteka, ndipo ena amanamiziridwa matenda a chiwerewere m'banja mpaka ukwati kugwedezeka. Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adaletsa kukodza m'madzi odikha, osayenda. Hadith imeneyi ana athu amailoweza ku madrasa. Koma padoko pathu, pomwe pamagona alovi ochuluka nyengo ya usipa, palibe chimbudzi ngakhale chimodzi. Tikuwaphunzitsa lamulo koma sitidawakumbire dzenje.

Zija ankanena makolo ena, zoti mnyamata akakodza magazi ndiye kuti wakula, tizisiye. Ndi nyongolotsi zikuboola chikhodzodzo, ndipo zimakhala m'thupi zaka. Mwana amachepa magazi, amawodzera m'kalasi, ndipo akakula chikhodzodzo chimatha kugwidwa khansa. Mankhwala ake, praziquantel, amagwira ntchito ndipo kusukulu amawapereka ulere, atamuyeza mwana msinkhu pandodo. Mwana adye kaye asanamwe, chifukwa pamimba yopanda kanthu amachititsa chizungulire. Koma mankhwalawa amapha nyongolotsi zomwe zili m'thupi tsiku limenelo basi. Mawa akabwerera pamathiriro ayambiranso, monga adachitira ana a madrasa aja. Ndipo akuluakulu, asodzi ndi amayi ochapa, ambiri sitimwa n'komwe, ndiye timabwezera mazira m'madzi chaka ndi chaka.

Tsono tichite chiyani? Sitikuuzani kuti musiye feteleza. Ifenso tili ndi zidzukulu zofuna nsima. Tikunena kuti feteleza wokwera mtengo chonchi asathere kunenepetsa nkhono. Kumbani kadzenje pambali pa phando, thirani, kwirirani. Mukaona kumwamba kwada bii, dikirani mvula idutse. Kumunda kotsetsereka tsekani mizere kuti madzi aime, ndipo bzalani vetiva pa akalozera. Ife chaka chino tidayesa manyowa a Mbeya, osakaniza ndowe, madeya, phulusa ndi feteleza pang'ono n'kusunga m'thumba masiku 21. Thumba limodzi la feteleza lidafika patali, ndipo chimanga sichidatichititse manyazi. Misangu yomwe ili m'minda yathu tisaidule. Imayoyola masamba nthawi ya dzinja n'kudyetsa nthaka popanda kuphimba mbewu, ndipo aliyense amadziwa kuti chimanga cha pansi pa msangu chimaposa chinzake.

Chovuta kwambiri ndi m'mphepete mwa mtsinje, chifukwa mpomwe pali chinyontho ndi dothi labwino. Ife tidasiya mizere isanu ya kumadzi kuti bango ndi nsenjere zibwerere. Tisakubisireni, zidatiwawa. Pamenepo mpomwe timakolola tomato woyambirira, wa mtengo wabwino, ndipo mayi a kunyumba sadatiyankhule bwino sabata yathunthu. Mnansi wathu wa kumtunda adakana. Adati, "Shehe, inu muli ndi munda wina kumtunda, ine ndili ndi pano pokha. Ana anga adya bango?" Sitidamuyankhe, chifukwa sadaname. Nkhani imeneyi njofunika mafumu, kuti amene wataya mizere yambiri aganiziridwe pena, osati kungomulalikira.

Kunyanja nako njira ilipo. Anzathu a ku Mbenji, kwa Makanjira ku Salima, akhala akutseka chilumba chawo nyengo ya dzinja kuyambira kalekale, mwa lamulo la mfumu, ndipo akatsegula nsomba zimaoneka. Ifenso nyanja ikatsekedwa pa 1 Novembala tizitsekadi, osati masana okha. A komiti ya padoko alimbe mtima pa neti za udzudzu ndi makoka okokera m'madzi osaya, ngakhale mwini khokayo akhale m'bale wawo kapena wopereka kwambiri kumzikiti.

Pakadali pano, madzi osamba ndi a wudhu tizitunga pamjigo. Komwe mjigo uli kutali, tungani a m'nyanja m'mamawa, pamalo a mafunde osati pamathiriro, muwasunge mumtsuko kapena m'chigubu masiku awiri athunthu. Tizilombo tija sitikhala moyo kupitirira pamenepo tikasowa munthu. Kuwawiritsa kapena kuthiramo klorini kumathandizanso. Pamzikiti pathu taika zigubu ziwiri zosinthanasinthana, china cha lero china cha mkuja, ndipo mnyamata wa adhana ndiye amaziyang'anira. Kumbukiraninso kuti chichokereni namondwe Freddy mu 2023 ndi kukwera kwa nyanja kwa 2024, madzi adalowa m'malo omwe kale kunali minda ndi makola, n'kusiya zithaphwi zofunda kuseri kwa nyumba. Zimenezonso muziyang'ane ndi ndodo ndi beseni musanalole ana kuseweramo.

Tidakambirana ndi a mfumu ndi a komiti ya padoko, ndipo tagwirizana kuti Lachisanu likudzali, tikatuluka Jumu'a, tikakumbe zimbudzi ziwiri kumtunda kwa doko, kutali ndi madzi, chimodzi cha amayi china cha abambo. Poti pamenepo ndi pamchenga, dzenje lifunika kumangira njerwa kuti lisagumuke. Njerwa zilipo zotsala pomanga mpanda wa mzikiti, koma simenti ikuperewera matumba atatu. Amene ali ndi khasu, fosholo kapena wilibala abwere nazo, ndipo mnansi wathu uja wati adzabwera ndi ngolo yake.