Olondola Mapazi a Khansa

Mukaima pa siteji ya Ulongwe m'mawa, maminibasi ochokera ku Mangochi akuitanira anthu opita ku Liwonde, a kabaza akulimbirana matumba a chimanga, simungaganize kuti dera lino lili ndi mbali m'mabuku a sayansi. Chonsecho malo otentha ngati ano, a m'chigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja, kumene udzudzu sulekeza, ndi amene anatsegula maso madokotala a dziko lonse pa nkhani ya khansa.

Zinayambira ku Uganda. Mu 1958 Denis Burkitt, dokotala wa opaleshoni pa chipatala cha Mulago ku Kampala, analemba za chotupa chimene chimagwira ana pa nsagwada, chokula mofulumira moti pakangotha milungu yochepa nkhope yasinthika, mano agwedera. Mu 1961 iye ndi anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, anayenda makilomita pafupifupi 16,000 pa galimoto yakale ya Ford, kulowa m'zipatala zoposa 50, kuphatikizapo za kuno ku Nyasaland. Funso lawo linali limodzi: kodi ana otupa chonchi mumawaona, nanga amachokera kuti? Kuno anapeza kuti ambiri ndi a kumalo otsika, kunyanja ndi ku Shire, osati kumapiri kozizira. Patsogolo pake zinaoneka kuti kumene kuli chotupachi n'kumenenso malungo anamanga msasa.

Koma amene ndimamuganizira kwambiri m'nkhaniyi ndi Yvonne Barr, mtsikana wa ku Ireland amene ankachita PhD ku London moyang'aniridwa ndi Anthony Epstein. Tizidutswa ta zotupa tinkabwera pa ndege kuchokera ku Kampala, ndipo Barr ankalera maselo ake m'mabotolo kuti asafe. Mu 1964 iye, Epstein ndi Bert Achong analengeza kuti apeza kachilombo m'maselowo, koyamba kudziwika kuti kamakhudzana ndi khansa ya anthu. Mpaka lero kamatchedwa Epstein-Barr.

Ntchito imene Barr ankagwira, kwathu kuno timaisokoneza ndi udokotala wa m'wodi. Mwana akanena kuti akukachita PhD ya khansa, amalume ake amayamba kumutumizira odwala. Dokotala wa m'wodi amafunsa kuti munthu uyu ndimuthandize bwanji lero. Wofufuza amafunsa kuti n'chifukwa chiyani anthu ambiri chonchi akudwala nthenda iyi, kuno, pa msinkhu uwu, nanga mankhwala amene tikuwapatsawa akugwiradi ntchito? Ena amasenza zonse ziwiri, m'mawa kuwodi, usiku pa kompyuta. Ena sanagwirepo jakisoni chibadwire: ndi akatswiri a masamu, a mu labu, a zachuma.

Njira yokhalira wofufuza ndi yaitali. Mwana wa kuno kwa Kalembo amene wakhoza bwino masamu ndi sayansi pa MSCE amayamba ndi digiri yoyamba, kaya ya udokotala, ya mu labu kapena ya unamwino ku KUHeS, yunivesite imene inabadwa mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, kaya ya sayansi ku Zomba. Kenako masitazi. Kenako PhD, zaka zitatu kapena zinayi, nthawi zina kuposerapo. Akamamaliza, ena mwa anzake a Folomu 4 amakhala akulipirira ana awo fizi ya ku sekondale.

Pa PhD palibe mphunzitsi woima kutsogolo ndi choko. Umakhala ndi supavaiza ndi funso limodzi limene palibe analiyankhapo, ndipo ungathe chaka chathunthu ukungolisema kuti likhale loyankhika. Usanayankhule ndi wodwala ngakhale mmodzi, ndondomeko yako yonse iyenera kuvomerezedwa ndi komiti yoteteza anthu olowa m'kafukufuku, monga COMREC ya ku Blantyre kapena NHSRC ya boma. Ophunzira amadandaula kuti zimachedwa, koma ine ndimati zikhale choncho, pakuti amene akukafunsidwayo ndi mayi wodwala, wamantha, amene angavomere chilichonse chimene wovala zoyera wanena. Kumapeto umalemba buku lalikulu, n'kukhala maola angapo pamaso pa akadaulo amene amalifukula tsamba ndi tsamba.

Dzina pa bukulo limakhala limodzi, koma manja amene analigwira ndi ambiri. Tiyeni titsatire kanyama kamodzi. Mayi wa ku Ulongwe wakhala akutaya magazi miyezi ingapo. Ku chipatala chaching'ono amutumiza ku chipatala cha boma ku Balaka kapena ku Liwonde, mwinanso mpaka ku Zomba kapena ku Gulupu ku Blantyre. Dokotala adula kanyama kakang'ono ngati njere ya chimanga, akaponya m'kabotolo ka formalin, mankhwala onunkha obaya m'maso amene amakaletsa kuwola. Ku labu, katswiri amakachotsa madzi, n'kukakwirira mu phula longa la kandulo. Likauma amalipala ndi makina a mpeni wakuthwa, tizigawo topyapyala kuposa tsitsi, toti ukapuma mwamphamvu tauluka. Amatiyandamitsa pa madzi ofunda, kutitola ndi kagalasi, kutidaya utoto wofiirira ndi wabuluu. Apo m'pamene dokotala woona za matenda m'minofu amaika diso pa maikulosikopu n'kutchula dzina la nthendayo. Akalakwitsa mmodzi mwa anthu amenewa, ngakhale amene analemba nambala pa kabotolo, PhD yonse yamangidwa pa mchenga, ndipo mayi uja walandira mankhwala a munthu wina.

Madokotala otere akhala ochepa kwambiri m'dziko muno. Pulofesa George Liomba ndi Dr Charles Dzamalala anasenza katunduyu zaka zambiri ku Blantyre. Ku Lilongwe labu yotere inatsegulidwa mu 2011 pa chipatala cha Kamuzu Central mothandizana ndi UNC Project, ndipo kumeneko Dr Tamiwe Tomoka wagwira ntchito yaikulu pa khansa za m'magazi ndi ya m'mawere.

Palinso gulu lina limene silitchulidwa: olemba kaundula wa khansa. Amayenda m'zipatala, kufukula mafayilo a fumbi, kuwerenga zolemba za madokotala zovuta kuwerenga, kusamala kuti munthu mmodzi asawerengedwe kawiri. Ntchito yawo ndi imene inatiuza kuti pakati pa 2007 ndi 2010 kunalembedwa odwala khansa atsopano 18,946. Kuti mwa amayi, pafupifupi 45 pa 100 alionse inali ya khomo la chiberekero. Ndiponso kuti mwa abambo, theka inali Kaposi, ija yotulutsa mawanga akuda ndi kutupitsa miyendo, imene inachuluka chifukwa cha HIV. Amenewo ndi okhawo amene anafika kuchipatala. Amene anamwalira kumudzi, abale n'kumati anaponda mankhwala, sali m'buku lililonse.

Ndiye pali anamwino a kafukufuku ndi alangizi a zaumoyo. Kuno, kumene ambiri amayankhula Chiyao pakhomo, fomu ya chilolezo yolembedwa m'Chichewa cha m'tauni siikwanira. Pamafunika munthu wokhala pansi pa mkeka, kufotokoza modekha kuti magazi tikutengawa ndi ochuluka bwanji, apita kuti, ndipo mukakana simulandidwa chithandizo. Wosadziwa kulemba amadinda chala pamaso pa mboni. Amene akukumbukira mphekesera za anamapopa za mu 2017, zimene zinayambira ku Mulanje n'kuphetsa anthu, amadziwa kuti kufika m'mudzi ndi machubu a magazi usanadzere kwa a mfumu ndi kuputa ngozi.

Mafunso oti munthu n'kuchitira PhD ali mbwee pakhomo pathu pomwe. Ana amene amasamba m'nyanja ya Malombe ndi mu Shire amakodza magazi, ena n'kumayesa ndiko kukula. Chonsecho likodzo likakhalitsa limatha kubala khansa ya chikhodzodzo munthu atakula. Chuku cha mu mtedza ndi chimanga chosauma bwino chili ndi poizoni wowononga chiwindi, makamaka mwa amene ali kale ndi hepatitis B. Khansa ya kummero, imene imayamba ndi nsima kukana kutsika, kenako phala, pomaliza ngakhale madzi, Malawi ali m'gulu la maiko amene yachuluka kwambiri padziko lonse. Dr Yohannie Mlombe ndi anzake afufuza ngati gwero lake ndi fodya, kachasu, utsi wa nkhuni kapena zakumwa zotentha kwambiri, ndipo nkhaniyi ikadali poyera. Chotupa cha Burkitt nachonso sichinathe. Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake ku Gulupu anaonetsa kuti ndi mankhwala otsika mtengo monga cyclophosphamide, pafupifupi theka la ana amatha kuchira. Theka linalo likudikira wofufuza.

Chovuta chachikulu ndi ndalama. Ndi mabanja ochepa kwambiri amene angalipirire mwana PhD. Ophunzira amadalira thandizo la mabungwe monga Wellcome, Beit Trust, Commonwealth kapena Fogarty ya ku America, ndipo ambiri amalowera kudzera ku Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre kapena UNC ku Lilongwe, n'kumagawa zaka zawo pakati pa kuno ndi Liverpool, Cape Town kapena North Carolina. Ntchito yake ndi ya kontirakiti: thandizo likatha, malipiro atha. Mankhwala a mu labu amachokera kunja ndipo amachedwa m'njira. Magetsi akazima, jenereta n'kukana, zimene unasonkhanitsa zaka ziwiri mufiriji zitha kuwonongeka usiku umodzi. Kumudzi nako akudikira, poti wophunzira ndiye nkhokwe ya mbumba yonse. Amene amapita kunja osabwerera sindiwaweruza msanga.

Chimene chimandiwawa n'china. Wopereka ndalama ndiye kawirikawiri amasankha funso, ndipo funso la msodzi wa ku Malombe silimveka ku London. Zachitikanso kambiri mu Africa muno kuti eni dera asonkhanitse magazi ndi mayankho, koma dzina loyamba pa pepala likhale la mlendo, ndipo mudzi umene unapereka magazi usamve n'komwe zimene zinapezeka. Wofufuza wobadwira kuno, wodziwa kuti mayi amayamba wapempha bambo asanakwere minibasi ya ku Zomba, ndiponso kuti ndalama ya ulendowo ndi mbuzi yathunthu, amafunsa mafunso amene mlendo sangawaganize. Ndipo akamaliza ali ndi ngongole yobwerera pa bwalo la a mfumu kukanena, m'Chiyao ndi m'Chichewa, zimene anapeza.

Zipatso za ntchitoyi zimachedwa, koma zimafika. Mu 1983, mu labu ya Harald zur Hausen ku Germany, wophunzira wa PhD dzina lake Matthias Dürst anapeza kachilombo ka HPV 16 mu khansa ya khomo la chiberekero. Katemera wake anayesedwa koyamba m'Malawi mu 2013 ku Zomba ndi ku Rumphi, ndipo mu Januwale 2019 anafalikira dziko lonse. Kuyambira pamenepo mlangizi wa zaumoyo amamangirira bokosi lozizira pa keliyala ya njinga, n'kupalasa mumchenga kupita ku sukulu za pulayimale za kwa Kalembo, kumene atsikana a zaka 9 amaima pa mzere pansi pa mtengo, atapinda dzanja la yunifolomu.