MVULA, KUMVERA NDI KUPUMULA: TANTHAUZO LA LEVITIKO 26:2-6

Mvula ikachedwa, kapena ikabwera yoononga monga ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, timamva Akhristu anzathu ena akunena kuti Mulungu akulanga anthu osamvera. Kawirikawiri amatchula Levitiko 26:2-6. Abale, tiyeni tione bwino zimene ndimeyi ikunena, chifukwa kuimva molakwa kumasenzetsa mlandu anthu amene ali kale m'masautso.

M'ndimeyi Chauta akulonjeza Aisraele kuti akasunga masabata ake ndi kutsata malamulo ake, adzawapatsa mvula pa nyengo yake, chakudya chokwanira ndiponso mtendere, kotero kuti munthu adzagona osaopa kanthu. Ku Israele mvula yoyamba imagwa cha mu Okutobala kapena Novembala, yomaliza cha mu Malichi kapena Epulo. Ina mwa iyi ikalephera, tirigu ndi barele sizicha bwino. Tsono mdalitso umenewu unali nkhani ya moyo ndi imfa, monganso zilili kwa ife alimi a chimanga.

Choyamba tizindikire kuti mawuwa akupita kwa mtundu wonse pamodzi. Sakunena kuti mayi amene munda wake wakokoloka ndi wochimwa kuposa mnzake amene wakolola. Ambuye Yesu anakana maganizo otere pa nkhani ya munthu wobadwa wosaona (Yohane 9:1-3), ndipo pa Mateyo 5:45 anaphunzitsa kuti mvula imagwera olungama ndi osalungama omwe.

Nanga malamulo oyenera kumvera ndi ati? Apa m'pamene ambirife timadumpha. Tingobwerera m'mbuyo mutu umodzi, Levitiko 25. Chaka chachisanu ndi chiwiri chilichonse munda unkayenera kugonera, osafesedwa. Zomera zokha zinkadyedwa ndi mwini munda, antchito, alendo, ziweto ngakhale nyama zakuthengo. Chaka cha 50 munthu amene anagulitsa munda chifukwa cha umphawi ankabwezeredwa munda wake, ndipo Mwisraele amene anadzigulitsa ankamasulidwa. Pa ndime 35 mpaka 37 akuletsa kulandira chiwongoladzanja kwa m'bale wosauka. Kumvera kumene Chauta akufuna ndi kotere: kulola nthaka ndi munthu wosauka kuti apume.

Sichinali chapafupi. Mlimi aliyense angafunse kuti, tikapanda kufesa tidya chiyani? Malembo sabisa funsoli (25:20-22), ndipo yankho lake ndi lakuti chaka chachisanu ndi chimodzi chidzabereka zokwanira zaka zitatu. Kupumula kunkafuna chikhulupiriro. Yerusalemu atagwa m'manja mwa Ababiloni cha m'ma 587 Khristu asanabadwe, wolemba 2 Mbiri 36:21 anaona zaka 70 za ukapolo ngati nthawi imene nthaka inalandira masabata ake, monga Levitiko 26:34-35 anachenjezera.

Ife lero, ndi minda yathu yochepayi, sitingagoneke munda chaka chathunthu, ndipo Mpingo sutilamula kutero. Komabe kasinthasintha wa mbewu, monga kubzala mtedza kapena nandolo pamene panali chimanga, kumabwezera nthaka mphamvu.

Za anthu ndiye sitingazembe. Lamulo lachitatu silinaperekedwe kwa mabwana okha. Deuteronomo 5:14 akutchulanso wantchito, kuti apume monga mbuye wake. Koma taonani Lamulungu m'mawa: ife tavala bwino kupita ku Misa, mtsikana wantchito tamusiyira mulu wa zochapa, ndipo sitikumbuka tsiku limene anapumako. Lamulo la ntchito la dziko lathu la Malawi la chaka cha 2000 limaletsa kugwiritsa munthu ntchito masiku opitirira 6 motsatizana popanda kupuma maola 24. Chimodzimodzinso ndi katapila. Amene tamubwereketsa ndalama mu Januwale, nyengo ya njala, kuti adzabweze mowirikiza pokolola, sangagone tulo topanda mantha tija, ndipo nthawi zambiri amakhala wa m'mphakati mwathu momwe, wokhala nafe pa benchi imodzi m'tchalitchi.