Injini ya tabo ikapita pa ovaholo: zogula zatsopano, zotsuka ndi zosayenera kuchotsa

Galimoto zambiri zimene zimanyamula kachewere, chimanga ndi anthu m'dera la mfumu Kaphuka ku Dedza zinabwera kuno zitatha kale ntchito ku Japan. Toyota Hiace ndi Hilux Surf za injini ya 1KZ-TE, yomwe inayamba kupangidwa mu 1993, zikuyendabe. Chimodzimodzinso Mitsubishi Pajero ndi L200 za injini ya 4D56, komanso ma Nissan a TD27. Zonsezi n'za dizilo ndipo zambiri zili ndi tabo. Ikafika nthawi yoti injini yayamba kufuka utsi wabuluu, kumwa oilo kapena yanoka, mwini wake amauzidwa kuti ikufunika ovaholo. Apa m'pamene ndalama zambiri zimatayikira, chifukwa anthu amasintha chitsulo chimene chafa n'kusiya chimene chinachipha.

Tabo ndi makina akale ndithu. Alfred Büchi wa ku Switzerland analembetsa luso limeneli mu 1905. Utsi wotuluka m'injini umazunguza kagudumu ka mapiko, kameneko n'kuzunguza kanzake kamene kamakankhira mpweya wambiri m'masilinda. Tigudumu timeneti timazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi, ndipo shafuti yake imayandama pa oilo wochepa zedi. Oiloyo akachedwa kufika ngakhale kwa masekondi ochepa, zitsulo zimayamba kudyana.

Ku Dedza tabo imagwira ntchito yolemetsa kuposa ku Salima. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pamtunda wotere mpweya umakhala wopepuka ndi 15 peresenti kapena kuyandikira pamenepo. Kuti injini ipeze mpweya wokwanira, tabo imazungulira mofulumira kwambiri ndipo imatentha kwambiri. Onjezanipo katundu wopyola muyeso, zitunda, ndi fumbi la m'misewu ya dothi yotsikira ku M1 m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala.

Za ma ring'i, mabering'i, magasiketi ndi masili palibe makaniko amene amatsutsa: zonse zimalowa zatsopano. Vuto lili pa tinthu tating'onoting'ono tomwe sitioneka ngati tatha. Koyamba ndi kapaipi kopyapyala kotengera oilo ku tabo. Kunja kamaoneka kabwinobwino, koma munthu akakadula pakati amapeza mkati mwake mwamatirira mwaye wolimba ngati makala, njira ya oilo yatsala pang'ono kutsekeka. Kukatsuka ndi petulo sikuchotsa zonse. Tabo yatsopano yomangidwa pa kapaipi kakale ikhoza kufa pasanathe miyezi ingapo, ndipo mwini galimoto amadzudzula wogulitsa kuti anam'patsa yachinyengo. Mtengo wa kapaipiko ndi wochepa kwambiri pouyerekeza ndi wa tabo, choncho palibe chifukwa chomveka chokabwezeramo.

Tabo yeniyeniyo siyofunika kuisintha nthawi zonse. Makaniko wodziwa ntchito amachotsa paipi yolowetsa mpweya, n'kugwira mutu wa shafuti ndi zala ziwiri. Kugwedera pang'ono chammbali n'kwachibadwa chifukwa oilo mulibe. Koma ikamasuntha chamtsogolo ndi chambuyo, kapena mapiko akamakhula khoma, yatha. Mapiko obenthuka m'mphepete amasonyeza kuti fumbi linkalowa, ndipo pamenepo ayenera kufufuza sefa ya mpweya ndi mapaipi a labala ong'aluka asanamange china chilichonse.

Injini ikanoka, tizidutswa ta chitsulo timamwazikira paliponse pamene oilo amadutsa. Timabisala makamaka m'choziziritsira oilo ndi m'kasefa kokokera oilo pansi pa injini. Choziziritsiracho chimavuta kutsuka, ndipo kusintha ndiye kwanzeru. Nayo intercooler yoziziritsa mpweya wochokera ku tabo, pa galimoto zomwe zili nayo, iyenera kumasulidwa ndi kutsukidwa. Tabo yakufa imataya oilo mmenemo, ndipo injini ya dizilo imatha kuyaka ndi oiloyo, n'kuthamanga yokha mosalamulirika ngakhale dalaivala atazula kiyi.

Injini iliyonse ili ndi nthenda yake. Ya 1KZ-TE ili ndi hedi ya aluminiyamu yomwe imang'aluka ikawira, moti kungosintha gasiketi osapimitsa hediyo n'kutaya ndalama. Kwa anthu a kwa Kaphuka izi zikutanthauza ulendo wa ku Lilongwe, kumene kuli malo a makina opimira ndi kupala mahedi, komanso mashopu a zipangizo za galimoto a ku Malangalanga. Gasiketi yake imabwera mokhuthala mosiyanasiyana, ndipo yoyenera imasankhidwa poyeza mmene mapisitoni atulukira pamwamba pa buloko. Mabauti a hedi amatamuka akamangidwa, choncho ayenera kuyezedwa kapena kugulidwa atsopano. Lamba wa timing amasinthidwa pa makilomita 100,000 aliwonse, koma pa ovaholo amalowa watsopano pamodzi ndi tigudumu take ndi pampu ya madzi, posawerengera kuti wakaleyo wayenda mtunda wotani. TD27 ilibe nkhawa imeneyi chifukwa imayendera magiya.

Ya 4D56 ili ndi malamba awiri. Wamng'onoyo amazunguza mashafuti ochepetsa kunjenjemera, ndipo akaduka amatha kukodwa m'lamba wamkulu, mavalavu n'kugundana ndi mapisitoni. Ena amangomusiya osamuikanso. Injini imayenda ndithu koma imanjenjemera kwambiri, ndipo kugula malamba onse awiri n'kotetezeka kuposa kudalira njira yachiduleyi.

Chizolowezi choipa kwambiri ndi chochotsa thermostat, kachipangizo kolamulira katenthedwe ka madzi a injini. Amakaniko ambiri amaitaya ponena kuti inapangidwira mayiko achisanu. Maganizowa ndi olakwika kulikonse, koma ku Dedza amaononga kwambiri. M'mawa wa Juni ndi Julayi, chifunga chitakuta mapiri, injini yopanda thermostat imatenga nthawi yaitali isanafunde. Dizilo sapsa bwino, wina amatsikira m'oilo, ndipo ma ring'i atsopano aja amatha msanga. Pa injini zina kachipangizoka kamatsekanso njira yachidule ya madzi, moti kakachotsedwa madzi ena amangozungulira osadutsa mu radiyeta, galimoto n'kuwira pachitunda. Ngati injini inkawira, chofunika n'kuyang'ana radiyeta yotsekeka, fani yofooka ndi chivundikiro chotha, kenako kuthira coolant m'malo mwa madzi a pamjigo omwe amadzetsa dzimbiri.

Nkhani ya EGR ndi yovutirapo. Valavuyi imabwezera utsi wina m'injini pofuna kuchepetsa mpweya woipa wotuluka kumbuyo. Utsiwo ukasakanikirana ndi nthunzi ya oilo umapanga phala lakuda lomwe limachepetsa njira ya mpweya. Ambiri amaitseka ndi kachitsulo kafulati, ndipo n'zoona kuti mwaye umachepa. Koma mpweya woipawo umachuluka, ndipo amaupuma ndi anthu ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu ku Linthipe ndi ku Chimbiya. Pa injini zoyendera kompyuta, kuitseka kumayatsanso nyali yochenjeza. Injini ili kale chiphwasulire, kutsuka valavuyo ndi njira zake ndi ntchito ya masana amodzi.

Kuchokera pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo zinakwera mtengo kwambiri, ndipo n'zomveka kuti mwini minibasi amawerengera tambala iliyonse. Ngati ndalama zaperewera, utoto ndi mipando zikhoza kudikira, koma ma injector opopera dizilo ayenera kupimidwa, chifukwa imodzi yodontha imatha kusungunula pisitoni yatsopano.

Pa tsiku loliza koyamba, makaniko amathira oilo woyera pakamwa pa tabo n'kuizunguza ndi chala, kenako amapukusa injini popanda kuiyatsa mpaka nyali ya oilo itazima. Oilo woyambayo ndi sefa yake zimasinthidwa galimoto isanakwanitse makilomita 1,000, chifukwa amanyamula tizitsulo topalika pamene ma ring'i akukhazikika. Kuyambira pamenepo udindo uli m'manja mwa dalaivala: akafika pasiteji atakwera chitunda ndi katundu, aisiye injini ilire mphindi imodzi kapena ziwiri asanaizimitse, kuti oilo asapsere m'tabo yotentha.