Gulu la Mpira la Azungu a ku Zomba

Patsinde pa phiri la Zomba pali bwalo la Gymkhana Club. Kuyambira caka ca 1891 Zomba ndiye anali likulu la Boma, ndipo Azungu akugwira nchito m'maofesi anali nalo gulu lao pabwalopo. Anali kupikisana ndi anzao a ku Blantyre, pa mpira wa miyendo ndi pa kriketi pomwe.

Munthu wakuda sanaloledwa kulowa m'gulumo, angakhale anadziwa mpira koposa iwo. Tsono eni dziko anapanga magulu ao pa okha.

Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964, Azungu ambiri anabwerera kwao, ndipo m'caka ca 1975 likulu linasamukira ku Lilongwe. Gulu la Azungu okha lija linatha, koma bwalo likalipo.