Momwe akatswiri amayendetsera zipangizo za mawu ali kutali

Nyumba zoulutsira mawu, mabwalo a zoimbaimba komanso zipinda za misonkhano m'maiko ambiri tsopano zikugwiritsa ntchito zipangizo zomwe katswiri atha kuziyatsa, kuzisintha ndi kuziyang'anira ali m'chipinda china, ngakhale mumzinda wina, kudzera pa netiweki ya makompyuta.

Kale, maikolofoni iliyonse inkakhala ndi waya wake wopita ku makina osakanizira mawu, omwe amisiri amawatcha mixer. Wofuna kukweza kapena kutsitsa mawu ankayenera kufika pomwe pali makinawo n'kupotokola batani ndi dzanja. Makina okuzira mawu akatentha kuseri kwa bwalo, amisiri ankazindikira anthu atayamba kale kudandaula kuti sakumva.

Pa netiweki pamayenda zinthu ziwiri zosiyana. Choyamba ndi mawu enieniwo, omwe amasandutsidwa manambala. Chachiwiri ndi malamulo opita ku chipangizo, monga lakuti chitseke maikolofoni yachitatu, pamodzi ndi malipoti omwe chipangizocho chimabweza okhudza momwe chikugwirira ntchito. Ogula ambiri sasiyanitsa ziwirizi, ndipo apa ndi pomwe ndalama zimaonongekera.

Nkhani yotumiza malamulo inayamba ndi oimba. M'chaka cha 1983, makampani opanga zida zoimbira anagwirizana pa njira ya MIDI, yomwe Dave Smith wa ku America ndi Ikutaro Kakehashi wa kampani ya Roland ku Japan anaitsogolera. MIDI situmiza mawu, imangouza chipangizo chochita. Njirayi inafalikira mpaka m'masitudiyo, koma inali ndi malire ake: waya wake sunkayenera kupitirira mamita 15, ndipo batani lililonse linkangokhala ndi masitepe 128.

M'chaka cha 1997, Adrian Freed ndi Matt Wright a ku University of California ku Berkeley anatulutsa njira ya Open Sound Control, kapena kuti OSC, yomwe imatumiza malamulo pa netiweki wamba. Ndi njira za mtundu umenewu zomwe zimathandiza katswiri kuyendayenda m'bwalo atanyamula tabuleti, akumvera mawu ali pakati pa anthu ndi kuwasintha nthawi yomweyo.

Kumbali ya mawu enieni, makampani anayamba aliyense payekha. CobraNet inatuluka m'chaka cha 1996, Livewire ya kampani ya Axia mu 2003, Dante ya kampani ya Audinate ya ku Sydney m'dziko la Australia mu 2006, ndipo Ravenna ya ku Germany inabwera mu 2010. Iliyonse inkagwira bwino ntchito, koma sizinkamvana. Nyumba youlutsira mawu ikagula zipangizo za mtundu umodzi inkakakamizika kupitiriza kugula komweko.

Pofuna kuthetsa vutoli, bungwe la akatswiri a zamawu la Audio Engineering Society linakhazikitsa muyezo wa AES67 m'chaka cha 2013. Malinga ndi muyezowu, zipangizo zonse zimayendera wotchi imodzi yomwe imagawidwa pa netiweki kudzera m'ndondomeko ya IEEE 1588. Kawirikawiri mawu amayezedwa maulendo 48,000 pa sekondi, ndipo amatumizidwa m'timapukusi ting'onoting'ono 1,000 pa sekondi iliyonse. Kuchedwa kwa kaphukusi kamodzi n'kofanana ndi nthawi yomwe mawu amatenga kuyenda masentimita pafupifupi 34 mumpweya, ndipo khutu la munthu silingakuzindikire. Wotchi ija ikasokonekera, mawu amayamba kudukaduka ngakhale mawaya onse ali bwinobwino.

Komabe AES67 inangokonza mbali imodzi. Muyezowu sunena kanthu za momwe chipangizo china chingalamulire chinzake. Izi zikutanthauza kuti mixer ya kampani ina itha kulandira bwinobwino mawu ochokera ku bokosi la maikolofoni la kampani ina, koma n'kulephera kukweza mphamvu ya maikolofoniyo. Zikatero, katswiri amafunika mapulogalamu awiri kapena atatu pa kompyuta kuti agwire ntchito yomwe kale ankaigwira ndi dzanja limodzi.

Mpata umenewu ndi womwe muyezo wa AES70 unabwera kudzatseka. Unachokera ku ntchito ya mgwirizano wa makampani wa OCA Alliance, womwe unakhazikitsidwa m'chaka cha 2011 ndipo mwa oyambitsa ake munali Bosch, d&b audiotechnik ndi Yamaha. Audio Engineering Society inauvomereza ngati AES70-2015, ndipo inadzaukonzanso mu 2018 ndi 2023.

Mu AES70, chipangizo chimadzifotokoza chokha kwa kompyuta yochilamulira: kuti chili ndi mabatani angati, iliyonse mwa ntchito zake ndi yotani, komanso malire ake ndi ati. Kompyuta sifunika kumafunsa pafupipafupi ngati pasintha kanthu. Imangolembetsa kamodzi, ndipo chipangizocho chimatumiza uthenga chokha batani likasunthidwa kapena kutentha kukakwera. Choncho akatswiri awiri omwe ali malo osiyana amaona zofanana pa makompyuta awo. Ngakhale zili choncho, si makampani onse omwe anatsatira muyezowu. M'nyumba zambiri zoulutsira mawu ku Ulaya muli njira ya Ember+ ya kampani ya Lawo, pomwe makampani ena akupitirizabe ndi njira zawozawo.

Chitsanzo chodziwika bwino cha ntchito yotereyi ndi cha BBC ku Britain. Bungweli lili ndi mawailesi a m'madera pafupifupi 40, ndipo zipangizo za ambiri mwa iwo zinali zitakalamba. M'malo mogula makina atsopano a wailesi iliyonse, BBC inayamba ntchito ya Virtual Local Radio, kapena kuti ViLoR, yomwe inasamutsira makina osakanizira ndi kusungira mawu ku malo awiri okha, ku London ndi ku Birmingham. BBC Radio Northampton ndiyo inali yoyamba kuulutsa mawu motere m'chaka cha 2014.

Muulutsi wa ku Northampton anatsala ndi maikolofoni yake ndi mabatani ake monga kale. Kusiyana kwake n'kwakuti akakankha batani, lamulo limapita ku makina omwe ali kutali, ndipo nyimbo imachokera komweko. Pulogalamu ikafunika kukonzedwa, mainjiniya amakonza malo amodzi m'malo moyendera wailesi iliyonse, ndipo ntchito yokonzanso situdiyo yomwe inkatenga miyezi yambiri inayamba kutha m'masabata ochepa. Malo aja anawachita awiri dala, kuti ena akafa ena apitirize ntchito, chifukwa njira yolumikizira ikaduka popanda ina yapadera, muulutsi amatsala ndi mabatani osalamulira kanthu.

Mliri wa Covid-19 utafika m'chaka cha 2020, nyumba zoulutsira mawu zomwe zinali kale ndi zipangizo zolamulirika pa netiweki sizinavutike kwambiri kulola antchito kugwira ntchito ali kunyumba.

Kupatula kulamulira zipangizo uli kutali, pali ntchito zina zomwe makina amachita okha. M'zaka za m'ma 1970, katswiri wa ku America Dan Dugan anapanga makina omwe amakweza maikolofoni ya yemwe akuyankhula n'kutsitsa za ena onse. Lero luso limeneli limapezeka m'makina ambiri a m'zipinda za misonkhano ndi m'masitudiyo a zokambirana. Mixer yamakono imasunganso momwe mabatani onse anaikidwira, kotero kuti chipinda chomwe m'mawa munali msonkhano wa atolankhani chimakonzekera msonkhano wa komiti pongokankha batani limodzi. M'mawailesi muli zipangizo zomvera bata: mawu akasowa kwa masekondi angapo, zimayamba kuulutsa nyimbo zosungidwa ndi kutumiza uthenga kwa injiniya.

Koma khomo lomwe katswiri amalowera ali kutali, wakuba athanso kulowera. Pa 11 February 2013, anthu osadziwika analowa m'makina otumizira machenjezo a ngozi a kanema wa KRTV ku Great Falls m'chigawo cha Montana ku America, n'kuulutsa uthenga wabodza wakuti akufa akudzuka m'manda. Bungwe loyang'anira zoulutsa mawu m'dzikolo la FCC linauza nyumba zoulutsira mawu kuti zisinthe mwamsanga mawu achinsinsi omwe makina anabwera nawo kuchokera ku fakitale. Mu April 2016, mawailesi ena a ku America anapezeka akuulutsa pulogalamu yachilendo yolaula, anthu ena atalowerera timabokosi ta Barix totumizira mawu ku nsanja, tomwe tinali poyera pa intaneti ndi mawu achinsinsi osavuta kulota. Ku France, pa 8 April 2015, chiwembu cha pa makompyuta chinazimitsa makanema a TV5Monde kwa maola ambiri.

Vuto lina n'lakuti njira zakale monga MIDI ndi OSC sizinapangidwe kuti zizifunsa yemwe akutumiza lamulo. Aliyense amene wafika pa netiwekiyo amamveredwa. N'chifukwa chake mainjiniya amapatula netiweki ya zipangizo za mawu kuti isakhudzane ndi ya m'maofesi kapena Wi-Fi ya alendo, ndipo wolowera kutali amadzera pa njira yotetezedwa ya VPN.

Kwa akuluakulu olemba zofunika pa tenda ya zipangizo za m'chipinda cha misonkhano kapena situdiyo, kulemba kuti zipangizo zikhale za AES67 sikokwanira, popeza muyezowu ukungokhudza kayendedwe ka mawu. Pafunika kutchulanso njira yolamulira zipangizozo, ngati kampani yogulitsa idzapereka zikalata zofotokoza njirayo, ngati pulogalamu yake ili ndi chiphaso cholipira chaka ndi chaka, komanso yemwe adzasunge mawu achinsinsi kontrakitala akamaliza ntchito n'kuchoka.